Achemwali, pakati pa alendo ndi ulendo siyanipo tsiku

Eee achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, uthenga wanu ndinauona masana koma ndinali pakati pa anthu, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa. Enanu muli pagulu pano mupirire, italikirapo.

Ngati ndamva bwino, anzanu a kusukulu aja akubwera holide ino ndi ana awo awiri, akhala sabata yathunthu, anyamuka Lachisanu. Inu ndi alamu mukufuna Loweruka mbandakucha muuyambe ulendo wa maola 9 uja ndi ana. Ndiye mukufunsa ngati zitheka, kapena mungowatenga alendowo mupitire limodzi.

Zowatengazo iwalani. Galimoto yanu ili ndi malamba 5. Inu, alamu, ana atatu, basi yadzaza. Zoti wina afungatira mwana pamiyendo ayi ndithu, galimoto ikagunda chinthu ngakhale pa liwiro la makilomita 50 pa ola palibe mkono umene ungamugwire mwanayo. Ngati akufuna kutsagana nanu apeze galimoto yawo muzitsogozana.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ine ndi Loweruka lakelo. Musanyamuke Loweruka. Nyamukani Lamulungu, kapenanso Lolemba ngati alamu angapemphe tsiku lina kuntchito.

Mukukumbuka chaka chija ife tinachita zomwezi? Anzanga anakhala kwathu masiku 6. Usiku womaliza, mukudziwa mmene zimakhalira, nkhani zimakoma anthu akamatsanzikana, tinacheza mpaka cha m'ma 1 koloko. Iwo atagona ife ndiye tinayamba kulongedza, zovala za ana zina zisanaume n'komwe. Ndinagona maola atatu, 5 koloko tili pamsewu. M'mawa wonse ndinali bwinobwino, ndikuimba nawo nyimbo ana. Cha m'ma 2 koloko masana, titangodya, dzuwa lili pamutu, onse m'galimoto ali mtulo, ndinangomva matayala akulira khwekhwerere pamiyala ya m'mbali mwa msewu. Mpaka lero sindikumbuka kuti maso ndinatseka nthawi yanji. Mayi akunyumba kuno anadzidzimuka n'kundigwira paphewa, osalankhula kanthu. Ndinaimika, miyendo ikunjenjemera, ndinakhala pansi pa mtengo mwina theka la ola.

Pambuyo pake ndinawerengetsera. Pa liwiro la 100, galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kusinza masekondi atatu okha ndiye kuti mwadutsa mamita oposa 80 popanda woyendetsa. Ndipo tulo ta pachiwongolero sitigogoda. Zotsegula windo, kukweza wailesi, kudzitsina, zonsezo n'zonamizana, mankhwala ake n'kuima n'kugona mphindi 20 basi. Ndiye alamu asachite zamphamvu. Maola awiri aliwonse muziima mphindi zosachepera 15, ndipo inuyo laisensi muli nayo, muzisinthana. Masana aja mukatha kudya ayendetse amene wagonako m'mawa.

Tsiku lapakatilo ntchito yake ndi imeneyo: kuchapa, kulongedza dzuwa likadalipo, kugona 8 koloko. Galimoto yokha musaidikiritse tsiku limenelo, ipite kwa makaniko alendo asanafike n'komwe, kuti chikapezeka chovuta pakhale nthawi. Aone mabuleki, oilo, madzi a mu radiyeta, batire. Matayala muonenso nokha. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndipo nambala yoyenera musalote, yalembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pafelemu mukatsegula chitseko cha dalaivala, pena pa kachitseko kothirira mafuta. Kawirikawiri pamakhala nambala ziwiri, ina ya galimoto yopepuka, ina ya yodzaza katundu. Inu yanu ndi yachiwiriyo. Tayala lochepa mpweya, katundu wambiri, tala wotentha, ndi mmene matayala amaphulikira nyengo ino.

Komanso m'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi. Mukaona 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, likafika zaka 10 ndi lotaya. Ndipo chonde sipeya muitulutse m'buti muiyeze. Ine yanga ndinadzaipeza ili phwa tsiku limene ndinkaifuna, jeke ilipo, sipanala ilipo, mpweya mulibe. Ngati ndi kaja kakang'ono kowonda, sikapitirira 80 pa ola, n'kongokufikitsani pokonzetsa.

Injini ikatentha panjira, imani, zimitsani, dikirani izizire. Alamu asatsegule chitsekerero cha radiyeta ikadali yamoto, madzi ake amatumphuka n'kuwotcha nkhope.

Za ana, chimodzi chokha ndinene mwamphamvu. Musasiye mwana m'galimoto yoimika, ngakhale mukuti ndingogula madzi ndibwera pompano. Mkati mwa galimoto yotseka kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, kutsitsako windo pang'ono sikuthandiza kwenikweni, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Kachitsiriza kanu kaja kakagona, kadzutseni mutuluke nako, kalire kalire. Zinazo mukuzidziwa kale: madzi akumwa ochuluka kuposa mmene mukuganizira, ndipo akhale pafupi osati pansi pa masutikesi. Wachiwiri uja amene amachita nseru musamupatse foni, akhale pakati aziyang'ana kutsogolo, jumbo ndi kathawulo konyowa zili pambali. Chakudya chophika chikakhala kunja kotentha chonchi kupitirira ola limodzi kapena awiri musawapatsenso ana.

Tsopano alendowo. Inu achemwali ndimakudziwani, mudzafuna tsiku lililonse kuwatengera kwinakwake, kuphika katatu, inu kudya choimirira. Pofika Lachitatu mudzakhala mukumwetulira ndi mano okha. Anthu amenewa akubwerera inuyo, sakubwerera pulogalamu. Kokayenda kuwiri pa sabata yonseyo kwakwana. Masiku enawo masana kukatentha aliyense apeze pogona, ana aziseweretsa madzi panja, macheza enieni amabwera madzulo kukayamba kuzizira. Mnzanuyo akati ndikuthandizeni, musamati ayi khalani. Mupatseni mpeni. Tsiku loyamba lomwelo muwaonetse pali makapu, pali sopo, pali chaja, kuti asamachite kupempha chilichonse ngati ali m'chipatala. Fani ngati ndi imodzi ipite kuchipinda kwa alendo, inu mupirira. Ndipo ana anu muwauziretu, chidole chimene sakufuna kubwereketsa achibise alendo asanafike, zotsalazo ndi za onse. Ndewu zambiri za ana zimathera pomwepo.

Paja amati mlendo ndi mame, koma mame ena dzuwa limachita kufika pamutu akadalipo. Ndiye tsiku lonyamuka mulitchule panopa pa foni, asanagule matikiti. Palibe chamwano kunena kuti tasangalala kwambiri mukubwera, tikhala nanu mpaka Lachisanu chifukwa kenako tili ndi ulendo. Chimene chimawawa n'kuona mwininyumba akutulutsa masutikesi iwe usanamalize tiyi. Ndipo akadzati tiwonjezereko tsiku limodzi, limene akupemphalo ndi tsiku logona alamu lija, musapereke.

Kiyi wa nyumba mukapita mundisiyire, ndizidzathirira maluwa aja. Mawa kukacha alamu ajambule manambala a pamatayala onse, ndi sipeya yomwe, aponye pagulu pano ndione. Foni yanga yatsala pang'ono kuzima, apatseni moni ana.