Kodi tiyi wa hops angandithandize kupeza tulo?

Funso: Ndine mayi wa zaka 51 ndipo ndinasiya kusamba chaka chatha. Kuyambira nthawi imeneyo tulo sitibwera bwino, ndipo pakati pa usiku ndimadzidzimuka thupi litatentha, thukuta lili kamukamu. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town wanditumizira tiyi wa zitsamba, ndipo papaketi palembedwa kuti muli hops ndi valerian. Anzanga akundiletsa, ena akuti hops ndi zothira mu mowa, ena akuti ndi chamba. Kodi ndimwe kapena ndisiye? Mayi wodandaula, Zomba.

Yankho: Zikomo kwambiri mayi chifukwa chofunsa musanayambe kumwa. Anzanuwo sakunama kotheratu. Hops ndi chomera choyanga chimene akatswiri amachitcha Humulus lupulus, ndipo maluwa a chomera chachikazi ndiwo amapatsa mowa wa m'mabotolo kuwawa kwake ndi kuuteteza kuti usawonongeke msanga. Ndi zoonanso kuti chili m'banja limodzi ndi chamba, koma mulibe THC, mankhwala amene amazunguza bongo, choncho pa mbali imeneyo mtima wanu ukhale m'malo. Chomerachi chimafuna nyengo yozizira komanso masiku otalika a dzuwa, n'chifukwa chake chimalimidwa kwambiri ku Hallertau m'dziko la Germany, ku chigwa cha Yakima ku America, komanso pafupi ndi tauni ya George ku South Africa.

Mphamvu yake ili mu ufa wachikasu wotchedwa lupulin umene umakhala m'kati mwa maluwa, momwe muli zinthu zowawa zotchedwa humulone ndi lupulone. Anthu a ku Ulaya akhala akugwiritsa ntchito maluwawa kwa zaka mazana ambiri pofuna kukhazika mtima pansi, ndipo ena ankawaika m'pilo kuti fungo lake liwagoneke. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency limavomereza hops ngati mankhwala achikhalidwe ochepetsa nkhawa yaing'ono ndi kuthandiza kugona, koma chilolezocho chinaperekedwa chifukwa anthu awagwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali, osati chifukwa cha umboni wamphamvu wochokera m'zipatala. Kafukufuku wambiri amene anachitika anayesa hops pamodzi ndi valerian, chitsamba china chimene anthu amamwa pofuna tulo, monga mmene zilili mu tiyi wanuyo, moti n'kovuta kusiyanitsa kuti chathandiza kwenikweni ndi chiti. Maganizo anga ndi akuti tiyiyo angathe kukufewetsani pang'ono madzulo, koma musayembekezere kuti akugonetsani ngati mapiritsi a kuchipatala.

Nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya kutentha thupiko. M'chaka cha 1999 asayansi a ku London anapeza kuti mu hops muli chinthu chotchedwa 8-prenylnaringenin chimene chimagwira ntchito m'thupi mofanana ndi mahomoni a amayi a estrogen, ndipo ndi chimodzi mwa zamphamvu kwambiri za mtundu umenewu zopezeka m'zomera. Ichi n'chifukwa chake hops amagulitsidwanso kwa amayi amene asiya kusamba, ngakhale kuti kafukufuku wake anachitika pa anthu ochepa. Mphamvu yomweyo ndiyo ikuchititsa kuti ndikuchenjezeni: ngati munadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya m'chiberekero, kapena mukumwa mankhwala a mahomoni, musamwe tiyiyo mpaka mutaonana ndi dokotala. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 12 sayenera kumwa konse.

Ngati zonsezi sizikukukhudzani, imwani kapu imodzi kutatsala theka la ola kapena ola limodzi kuti mukagone, motsatira mlingo wolembedwa papaketi. Musaphatikize ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, ndipo musayendetse galimoto mutangomwa. Mowa weniweniwo si mankhwala a tulo, chifukwa ngakhale umagonetsa msanga, umadula tulo pakati pa usiku ndipo umawonjezera kutentha thupi kumene mukudandaulako.

Pakatha masabata awiri osaona kusintha, pitani kuchipatala mutatenga paketiyo kuti akaione. Kumeneko mukapemphenso kuti akuyezeni shuga, kuthamanga kwa magazi ndi chithokomiro, popeza thukuta la usiku ndi kusowa tulo pa msinkhu wanuwu nthawi zina zimachokera ku matenda ena, kuphatikizapo TB ngati mukutsokomola kapena mukuwonda.