Yang'anani kaye bowo limene mwalowetsamo waya wofiira

Achimwene, musanagunditse mita yanu yatsopano yoyezera magetsiyo (multimeter) pa batire la sola, chonde yang'anani kaye bowo limene mwalowetsamo waya wofiira, chifukwa chipsera chimene chili pa chala changa chinachokera pomwepo. Waya wakuda amakhala pa bowo lolembedwa COM nthawi zonse, ndipo wofiira ayenera kukhala pa bowo lolembedwa V mukamayeza mavoti. Bowo lachitatu lija, loyezera maampu (kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya), lolembedwa 10A, ndi limene linandipweteka.

Ine ndinagula sola mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, pamene kuno ku Ngabu magetsi ankathima kwa maola ambiri. Ndinagulanso mita yabwino ndithu, yokhala ndi fyuzi ziwiri mkati mwake, ndipo ndinkaisamala kwambiri. Mnyamata wina wokonza mawailesi pamsika, amene ndinkamutenga ngati mng'ono wanga, anaibwereka ponena kuti abweza madzulo omwewo, koma anakhala nayo milungu iwiri.

Tsiku limene anabweza, mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, mababu a m'nyumba anali atayamba kuthima msanga, choncho ndinafuna kudziwa ngati batire likudzaza. Ndinagwada pakona pamene pamakhala batirelo, ndinapotokola chosankhira cha pa mita kufika pa mavoti 20 a DC (mtundu wa magetsi a m'batire) monga mwa nthawi zonse, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu anaima pambali panga atandigwira paphewa. Nditangogunditsa nsonga za mawaya awiri a mita pa mitu ya batire, panathetheka moto ndipo panamveka kulira ngati mkwapulo. Nsonga yofiira inamatirira pa mutu wa batire osachoka. Mawaya anatentha nthawi yomweyo, pulasitiki yake inasungunukira m'dzanja langa, ndipo utsi wonunkha unadzaza chipinda. Mwana anakuwa, mayi ake anataya chipande ndi kuthamangira m'nyumba, ine ndikulimbana ndi waya amene ankandiwotcha chala, mpaka ndinachita kumukankha ndi mpini wa tsache. Chimene chimandinjenjemeretsa mpaka lero ndi chakuti batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka, ndipo tsikulo sola inali ikutchaja mwamphamvu m'chipinda chotseka. Likanaphulika, asidi akanagwera mwanayo kumaso.

Mnyamata uja anali atasiya waya wofiira pa 10A. Mkati mwa mita, pakati pa bowo limeneli ndi COM pamangodutsa kachitsulo kochindikala, ndiye mukagunditsa nsonga pa mitu iwiri ya batire zili ngati mwalumikiza mituyo ndi waya mwachindunji, ngakhale chosankhira chitaloza pa mavoti. Fyuzi ndi imene inayenera kupsa n'kundipulumutsa. Nditatsegula mita ija ndinapeza kuti fyuziyo anali ataiwotcha kale iyeyo, kenako anaikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kuti ndisazindikire. Munthu amene amadya nsima pakhomo panga anachita zimenezi osanena kanthu! Nditamufunsa, anayankha kuti amisiri onse amatero ndipo kuti ineyo ndi amene sindidziwa kugwiritsa ntchito mita. Sanapepese, sanafunse za chala changa kapena za mwana, ndipo mpaka pano amandipatsa moni ngati palibe chimene chinachitika. Akanangonena kuti achimwene, ndawotcha fyuzi, ndikanagula ina popanda mkangano uliwonse.

Tsono inu, pa batire la mavoti 12 sankhani 20 ya DC. Likakhala lodzaza ndipo lapumula kwa maola angapo osatchajidwa, liyenera kusonyeza pafupifupi 12.6 kapena 12.7, ndipo likafika cha pa 12.0 ndiye kuti latsika kwambiri. Mukafuna kuyeza pa soketi ya m'nyumba, pamene pamakhala mavoti 230, sinthani kupita ku AC ndi kusankha nambala yoposa 230, zala zanu zili kumbuyo kwa kamkombero ka pansonga, mutavala nsapato ndiponso mutaima pouma. Ngati simukudziwa kukula kwa mavoti, yambani ndi nambala yaikulu n'kumatsika, ndipo muzichotsa nsonga musanapotokole chosankhira. Musayeze ma ohms (mmene chinthu chimatsekerezera magetsi) kapena kugwiritsa ntchito kabelu ka mu mita kamene kamalira waya akakhala wosaduka pa chinthu chimene chili ndi magetsi, ndipo kumbukirani kuti tizida ta mu inverter totchedwa ma capacitor timasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Maampu amayezedwa podula waya mmodzi kuti magetsi adutse mkati mwa mita, ndipo mukangomaliza muzibwezera waya wofiira pa V nthawi yomweyo. Chizindikiro cha batire chikaoneka pagalasi, sinthani kabatire ka mkati, chifukwa mita imayamba kupereka manambala olakwika. Ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi malata.

Musamabwereketse mita yanu kwa munthu aliyense. Komabe ndiyenera kunena kuti kuyang'ana mabowo ndi udindo wa amene wagwira mita panthawiyo, ndipo ine ndikanataya mphindi imodzi yokha kuyang'ana, chala changa chikanakhala bwinobwino. Ngati mnansi waipempha ndipo simungathe kumukaniza, pitani nayo nokha mukamuyezere. Poti mwangoyamba kumene, ndi bwinonso kuphunzirira pa mita yotchipa kuti ikapsa musadandaule kwambiri, ngakhale kuti zambiri zotchipazo pambali pa bowo la 10A pamalembedwa kuti unfused, kutanthauza kuti mulibe fyuzi ngakhale imodzi pamzere umenewo, choncho bowolo mulimate ndi tepi mpaka mutazolowera.