Gwyneth Guthrie ndi Mayi Mack: malemu ndi uti pamenepa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena amene amayang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu ina ya sekondale. Akufuna kulembera ana awo mbiri yaifupi ya Gwyneth Guthrie, mayi wa ku Scotland amene adatchuka pa wailesi yakanema, koma Chichewa chake chawaimitsa mutu. Akufunsa kuti mawu oti actress awanene bwanji, mawu oti "malemu" awaike pa dzina liti, komanso ngati drama teacher ndi mphunzitsi wa masewero kapena wa zisudzo.

Zikomo aphunzitsi. Ndiyambe ndawauza owerenga ena kuti tikukamba za yani. A Guthrie adabadwira ku Ayr m'chaka cha 1936 ndipo adamwalira mu 2021. Anthu amawakumbukira chifukwa cha sewero la Take the High Road, limene kanema wa ku Scotland wa STV adaonetsa kuyambira 1980 mpaka 2003. Nkhani yake inkachitikira m'mudzi wopeka wa Glendarroch, ndipo zapabwalo ankajambulira ku Luss, m'mphepete mwa nyanja ya Loch Lomond. M'menemo a Guthrie ankakhala Mrs Mack, mayi wosamalira nyumba ya abusa, wodziwika ndi zipewa zake komanso pakamwa posagona.

Za actress sizovuta. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa dzina la ntchito. Mlimi ndi mlimi, namwino ndi namwino. Choncho lembani kuti "wochita zisudzo", kapena "katswiri wa zisudzo" ngati ntchito yake idaonekadi. Mukafuna kuti owerenga adziwe kuti ndi mkazi, nenani kamodzi kokha koyambirira kuti "mayi wochita zisudzo", basi. Kumata "wamkazi" m'chiganizo chilichonse kumalemetsa nkhani popanda chifukwa. Chimene ndikukupemphani ndi choti musalembe "wosewera" pakokha. Mwana akawerenga kuti "wosewera wamkazi wa ku Scotland" aganiza za mpira wamanja.

Pali mawu ena amene ana anu amawadziwa kale kuchokera m'phunziro la Chichewa, oti "mtengambali". Ena amawagwiritsa ntchito ponena munthu wochita sewero, ena ponena munthu wa m'nkhaniyo. Polemba mbiri, ine ndimawasungira wa m'nkhani. Ndiye kuti Mayi Mack ndi mtengambali, a Guthrie ndi wochita zisudzo amene adavala mbaliyo. Mukatero simusokoneza mwana.

Funso la "malemu" ndilo landikhudza kwambiri, chifukwa likukhudza ulemu wa munthu amene adapita. Malemu ndi munthu amene adabadwa, nakhala ndi abale, naikidwa m'manda. Mayi Mack alibe manda. Adachokera m'mutu mwa olemba sewero. Choncho ndi "malemu Gwyneth Guthrie", osati "malemu Mayi Mack". Sewero lomwelo likutipatsa chitsanzo chooneka bwino. Edith MacArthur ankakhala Elizabeth Cunningham, mwini malo wa m'mudzimo, ndipo mtengambali ameneyu adafa pangozi ya galimoto m'kati mwa sewero. Koma a MacArthur eni ake adakhalabe ndi moyo zaka zambiri, mpaka 2018. Wolemba amene akadati "malemu" nthawi imeneyo akadalengeza maliro a munthu wamoyo. Za mtengambali timati "adafa m'sewero", ndipo mawu oti "m'sewero" musawasiye.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Kuno kwathu anthu amati "malemu Izeki", "malemu Jakobo", ndipo palibe amene amadabwa. N'zoona. John Nyanga, amene adatisiya mu 2016, ndi Eric Mabedi, amene adatsatira mu 2021, adayenda ndi maina amenewa m'masewero ambirimbiri mpaka adasanduka maina awo apamsewu. Pocheza sindingamudzudzule munthu. Koma mbiri yolembedwa imakhalitsa, ndipo adzaiwerenga ndi ana amene sadawaone. Pamenepo dzina lobadwa nalo litsogole: "malemu John Nyanga, amene ankadziwika kuti Izeki". Chimodzimodzi "malemu Gwyneth Guthrie, amene ambiri ankawadziwa kuti Mayi Mack".

Chiyankhulo chathu chili ndi kachida kena kothandiza pamenepa, kamene Chingerezi chilibe. Munthu weniweniyo mpatseni ulemu wa "a" ndi "-wa-": a Guthrie, anthu ankawakonda, adawalira. Mtengambali mungathe kumunena ngati mmodzi: anthu a m'mudzimo ankamuopa, anali wamiseche, ankalowerera nkhani za eni. Taonani chiganizo ichi: "Owonera ankamuda chifukwa cha lilime lake, koma ankawatama chifukwa cha luso lawo." Popanda kutchula dzina, mwana wamva kale kuti woyambayo ndi Mayi Mack, achiwiriwo ndi a Guthrie. Samalani pokha kuti mawu oti "wamiseche" asagwere a Guthrie eni ake. Khalidwe la m'sewero si khalidwe la munthu, ndipo ana amene mukuwaphunzitsa kuvala mbali za mfiti ndi mbava ayenera kulimva zimenezi msanga.

Mrs mungamasulire kuti Mayi, palibe vuto. Mack asiyeni momwemo. Dzina la sewero nalonso lisamasuliridwe, ndipo Scotland alembedwe Scotland. Tidazolowera kale kulemba Blantyre, dzina lochokera kwawo komweko kumene David Livingstone adabadwira, ngakhale pakamwa timalitchula mwathumwathu.

Tsopano za mphunzitsi. Sewero limodzi, masewero ambiri, zimenezo n'zolondola. Vuto ndi lakuti "masewero" ndi "masewera" zasiyana lemba limodzi lokha, ndipo anthu ambiri, ngakhale pa wailesi, amati "masewero a mpira". Mukalemba kuti "mphunzitsi wa masewero", theka la owerenga liona munthu wa wisulo pabwalo la zamasewera. "Mphunzitsi wa zisudzo" sasocheretsa aliyense. Ndimakonda kugawa chonchi: luso lonse ndi zisudzo, pamene nkhani imodzi yoonetsedwa ndi sewero. Munthu amaphunzira zisudzo, amaphunzitsa zisudzo, koma amalemba sewero ndi kuchita sewero. Inuyo aphunzitsi, mukamakonzekeretsa ana sewero limodzi lokapikisana nalo, pamenepo ndinu wotsogolera sewero. Chaka chonse ndinu mphunzitsi wa zisudzo.

Chomaliza simudafunse, koma mukumana nacho mukafika pa maphunziro a mayiwa. Adaphunzira zisudzo ku Glasgow, pasukulu imene yasintha dzina kangapo. Mbali yake ya zisudzo idatsegulidwa mu 1950, dzina loti Royal Scottish Academy of Music and Drama lidabwera mu 1968, ndipo kuyambira 2011 ikutchedwa Royal Conservatoire of Scotland. Musawavutitse ana ndi maina onsewa. Lembani kuti "adaphunzira zisudzo ku Glasgow, pasukulu imene lero ikutchedwa Royal Conservatoire of Scotland". Mawu oti "imene lero ikutchedwa" akwanira kuuza wowerenga kuti nthawi ya a Guthrie dzina linali lina.