Kwa mayi a ku Chipoka amene mwana wawo wa Fomu 4 akuphunzirira pakhomo

Mayi, ndawerenga uthenga wanu wonena kuti mwana wanu wamkazi wa Fomu 4 sapita kusukulu teremu ino chifukwa anamuchita opaleshoni ya mwendo, ndipo mukufunsa foni yoti mumugulire, bandulo yokwanira mwezi, komanso gulu la aphunzitsi la pa WhatsApp limene angalowe. Pepani ndi matendawo. Za foni anzathu ayankha kale, ngakhale ndikuona kuti ambiri athamangira kutchula mafoni odula ngati kuti foniyo ndiyo ikalembe mayeso. Ine ndilankhula za maguluwo, chifukwa ndiwo anatipweteka pakhomo pathu pano pa Kamuzu Road ku Salima.

Musatumize ndalama kwa mphunzitsi aliyense wa pa WhatsApp amene simunamuonepo nkhope ndipo simudziwa sukulu imene amaphunzitsa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinkasunga mwana wa achimwene anga amene anali Fomu 4, ndipo bambo ake anamulowetsa m'gulu lina lolipira mwezi ndi mwezi kudzera pafoni. Sabata yoyamba zinkaoneka zolongosoka, chifukwa manotsi ankabwera m'mawa uliwonse. Koma titakhala naye pansi n'kuona bwino, tinapeza kuti zambiri zinali zithunzi za masamba a mabuku akale, zojambulidwa mopendekeka moti mizere ya m'mphepete sinkawerengeka, ndipo zina zinali za silabasi yakale ya Physical Science pamene ana akulemba Physics ndi Chemistry ngati maphunziro awiri osiyana. M'gulumo munali ana oposa 200. Mnyamatayo ankati akasova masamu n'kujambula tsamba n'kutumiza, yankho limene ankalandira linali kachizindikiro ka chala chachikulu, popanda womuuza pamene walakwitsa. Mayeso atayandikira, mwini gulu uja anayamba kuitanitsa ndalama zina ponena kuti ali ndi likasa, kutanthauza mafunso a mayeso oululika nthawi isanakwane, ndipo makolo ena atafunsa za ndalama zawo anawachotsa m'gulumo. Mukumbukire kuti chaka chomwecho, mu November, mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anaululika, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu January 2021. Choncho munthu aliyense amene angatchule za likasa kwa mwana wanu, mutulutseni mwanayo m'gulumo tsiku lomwelo.

Chimene chinamuthandiza mnyamata wathu chinali kope ndi cholembera chofiira. Tinagwirizana ndi mphunzitsi wa masamu wa pasukulu ina yoyendera yapafupi kuti azimupatsa ntchito Lolemba, n'kudzaichonga Loweruka. Kope loyamba linabwerera lili psuu, ndipo mphunzitsiyo anazungulizira malo amodzimodzi pafupifupi tsamba lililonse: mwanayo ankaiwala kusintha chizindikiro akamasamutsa nambala kuchoka mbali ina kupita mbali ina, moti njira yonse inkakhala yolondola koma yankho lolakwika. Vuto limeneli anakhala nalo miyezi yonse imene anali m'gulu lija popanda wolizindikira, koma munthu amene anagwira kope m'manja analiona tsiku loyamba. Kuwerenga manotsi popanda wokuchongera kuli ngati kutchera ukonde osapitanso kukauvuula.

Ndiye ulendo wanu woyamba usakhale wa kusitolo ya mafoni, koma wa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mwana wanuyo, mutatenga kalata ya kuchipatala. Mukapemphe kuti akuonetseni ndi maso anu kuti dzina la mwana lili pa mndandanda wa olemba mayeso a MANEB, kuti lalembedwa molondola, kuti maphunziro amene analembetsa ndi omwewo amene akuwerenga, ndiponso kuti ndalama ya mayeso inalipidwa, chifukwa mwana amene sakuoneka m'kalasi amaiwalika msanga pa zinthu zoterezi. Mukafotokozenso za mwendowo nthawi idakalipo, kuti ngati adzakhale asanachire bwino akuluakulu a sukulu akonzeretu malo oti adzalemberepo osavutika. Kenako mukaonane ndi aphunzitsi ake a masamu, Chingerezi ndi sayansi, amene akumudziwa kale kufooka kwake, n'kupempha kuti kope lake lizipita ndi kubwera. Mnzake wa m'kalasi wodalirika amene amadutsa kwanuko angathe kumanyamula kopelo, ndipo ngati palibe, wa kabaza mmodzi amene mumamudziwa angagwire ntchitoyi kawiri pa sabata. Aphunzitsi ena amathandiza mwaulere akamva kuti ndi matenda, koma ngati mukufuna kuti wina azibwera pakhomo, konzekani ndalama ya pakati pa K20,000 ndi K30,000 pa mwezi pa phunziro limodzi, kapena kupitirirapo pang'ono, malingana ndi mmene mungagwirizanirane. Mitengoyi muitenge mongoyerekeza, popeza kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizikhalitsa pa mtengo umodzi. Muzilipira kumapeto kwa mwezi mutaona kope lochongedwa, osati kumayambiriro.

Ngati ndalama ndi yochepa, musaimwaze pa maphunziro onse. Chingerezi chikhale patsogolo, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sipezeka ngakhale mwana atachita bwino kwina konse, ndipo amene akufuna kusankhidwira ku yunivesite za boma amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi chomwecho. Pa magiredi a MSCE, kirediti imathera pa giredi 6, ndipo giredi 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Alembe chimangirizo chimodzi sabata iliyonse ndipo chichongedwe, ndiponso mabuku a litiricha awawerenge enieniwo, osati tizidule timene timayenda m'mafoni. Pambuyo pa Chingerezi pabwere masamu. Maphunziro ngati History ndi Bible Knowledge mwana wakhama angathe kuwakoka yekha ndi buku ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo.

Chimene foni singachite m'pang'ono pomwe ndi ntchito ya mu labu. Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mapepala amene mwana amayenera kugwira zipangizo ndi manja ake, kuyeza, kuona mtundu ukusintha n'kulemba zimene waona, ndipo kuonera vidiyo sikumuphunzitsa kuwerenga mlingo wa madzi m'chubu diso lili pa mzere. Madokotala akangolola kuti ayambe kuyenda pang'ono, mupemphe masiku amene kalasi yake ikulowa mu labu, ndipo mumupezere galimoto kapena njinga yamoto yoyenda modekha kuti akapezekeko ngakhale masiku okhawo.

Pa bandulo, langizo langa ndi lakuti mugule yaing'ono ya sabata, ndipo foniyo izikhala ndi inu. Chilichonse chofunika chimene aphunzitsi ake atumiza mukachisindikize papepala pamalo a fotokope, pamene tsamba limodzi limakhala cha m'ma K100 kapena K200, chifukwa pepala silitha moto magetsi akathima, silifuna netiweki, ndipo silibweretsa mauthenga a anzake pakati pa phunziro. Mwana wa msinkhu umenewu akagona ndi foni ya bandulo ya mwezi wathunthu, gawo lalikulu limathera pa TikTok ndi Facebook, ndipo si chifukwa chakuti ndi mwana woipa, koma kuti wasungulumwa. Mufunsenso kusukulu yapafupi imene ili ndi makalasi a masana a Open ngati ali ndi mabuku a Malawi College of Distance Education, chifukwa amenewo analembedwera munthu wophunzira payekha, ndipo amakhala ndi mafunso oti adziyese akamaliza mutu. Nyali ya sola yabwino ndi yofunika kuposa kuwonjezera ndalama pa foni yodula.

Chenjezo lina ndi la pakhomo penipeni, ndipo ndikulinena chifukwa mwanayo ndi wamkazi. Mtsikana akakhala pakhomo, aliyense amamuona ngati alibe chochita, ndipo ngakhale mwendo uli wopweteka adzapatsidwa mwana woti alere, mpunga woti asankhe, usipa woti ayang'anire pathandala kapena okala yoti akhalemo. Muuze onse a m'nyumba kuti kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 10 koloko m'mawa mwanayo ali kusukulu ngakhale akumuona pakhonde. Maola amenewo ndiwo abwino kuno kunyanja, chifukwa dzuwa likakwera nyumba ya malata sikhalika ndipo mutu sugwira kanthu. Madzulo abwereze zopepuka, ndipo ngati akuwerenga usiku akhale m'neti, popeza malungo a sabata imodzi angamubwezere m'mbuyo kuposa mmene mwendowo wachitira. Loweruka lililonse mumupatse pepala limodzi la mayeso akale, mumuikire wotchi patebulo, alembe nthawi yeniyeni imene yalembedwa pamwamba pa pepalalo osatsegula buku, ndipo inu mukhale pomwepo kufikira nthawi itakwana. Anzake awiri kapena atatu a m'kalasi muziwalola kubwera Lamlungu masana ndi makope awo, kuti aone pamene kalasi yafika ndi kufananiza ndi pamene iye ali.