Kusamala mazira asanafungatiridwe: mayankho kwa alimi a nkhuku

Bambo wina wa ku Mitundu, amene amaweta nkhuku za Mikolongwe, wadandaula kuti anasonkhanitsa mazira kwa milungu itatu pofuna kuti thireyi idzaze, kenako anawapititsa kwa mwini makina ofungatira mazira, koma ambiri anasukusa. Akufunsa ngati vuto lili pa makinawo kapena pa tambala.

Bambo, musanakayikire makina, tiyeni tiwerenge masiku. Dzira la nkhuku yoyenda ndi tambala limaikiridwa lili kale ndi kamoyo mkati, kamene kamangogona kudikira kufunda. Kamoyoko kamapirira bwino mpaka masiku 7. Kupitirira apo mwayi woswa umatsika tsiku ndi tsiku, chifukwa madzi a m'dzira amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'timabowo ta pachigoba, ndipo choyera cha m'dziramo chimasungunuka. Dzira la milungu itatu, ngakhale makina atakhala abwino chotani, ndi lokayikitsa. Ngati nkhuku zanu ndi zochepa, gwirizanani ndi anzanu a m'kalabu kuti mudzazitse thireyi pamodzi sabata isanathe. Dzira lililonse muzililemba tsiku ndi pensulo mukangolitola. Inki ayi, imatha kulowerera.

Koma chimene chimatipweteka kwambiri kuno ku Lilongwe ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala masana amafika madigiri 30 ngakhale kupitirira, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha koposa. Dzira likafunda kupitirira madigiri 24, kamoyo kaja kamayamba kukula ngati kali pansi pa thadzi. Usiku kukazizira kamaima, mawa masana kayambanso. Kuyambayamba kotereku kumakafoola, moti mwanapiye amafera m'dzira mwini wake asanaganize n'komwe zofungatiritsa. Mazira odikira amafuna malo a madigiri pakati pa 12 ndi 18, a chinyezi pang'ono. Firiji si yankho, chifukwa imazizira mpaka cha pa madigiri 4 ndiponso imaumitsa dzira. Sankhani chipinda chimene sichiwombedwa dzuwa, kutali ndi moto, ndipo mazira akhale chapansi, osati pamwamba pa kabati pafupi ndi denga. Mukhoza kuwaika mumphika wadothi wokhazika pa mchenga wonyowa, pakamwa pake n'kuphimba ndi kansalu konyowa kosakhudza mazira. M'miyezi yotenthayi ine ndimalangiza kuti musadikire sabata yonse, masiku 4 kapena 5 akwana. Juni ndi Julayi nyengo imakuthandizani yokha.

Za tambala, mmodzi wamphamvu amakwanira nkhuku zazikazi pafupifupi 10. Ngati zanu zaposa pamenepo, onjezerani wina.

Mayi wina wa ku Area 25 akuti amatsuka mazira ndi sopo akawapeza ndi zitosi, ndipo akufuna kudziwa ngati akuchita bwino. Mayi, ukhondo wanu ndi wabwino, koma pa dzira lofungatiritsa madzi ndi oopsa. Nkhuku ikamaikira, dzira limatuluka ndi kachinyezi kamene kamauma nthawi yomweyo n'kutseka timabowo tambirimbiri ta pachigoba kuti tizilombo tisalowe. Mukatsuka mwachotsa chitetezo chimenecho. Komanso madzi akakhala ozizira kuposa dziralo, zamkati zimakhwinyata n'kukokera uve mkati. Mazira otere ndi amene amaphulika m'makina, fungo lake losaiwalika, n'kupatsira anzake matenda. Lodetsedwa pang'ono lipaleni mosamala ndi kansalu kouma. Lopakika zitosi kwambiri lipite kukhitchini, musalimvere chisoni.

Ntchito yeniyeni ili pachisa. Muziikamo udzu wouma, utuchi kapena mankhusu a mpunga, n'kumasintha akada, makamaka nthawi ya dzinja pamene nkhuku zimalowa ndi matope kumapazi. Tolani mazira katatu patsiku kapena kuposa, pokumbukira kuti ambiri amaikiridwa m'mawa. Dzira logonera m'chisa limada, limapondedwa, ndipo nkhuku iliyonse yobwera kudzaikira imalifunditsa. Manja akhale osamba ndi ouma. Mafuta odzola amatseka timabowo topumira, ndipo parafini kapena mankhwala othira m'chimanga asakhale malo amodzi ndi mazirawa. Ndimaona kawirikawiri lichero la mazira litakhazikidwa pamwamba pa matumba a chimanga chothira mankhwala, ndipo zimandidetsa nkhawa.

Funso lina lachokera kwa mnyamata wa ku Lumbadzi amene akufuna kugula mazira a nkhuku za mtundu wa Kuroiler m'tauni n'kubwera nawo paminibasi. Achimwene, funsani wogulitsayo tsiku limene mazirawo anaikiridwa, ndipo ngati sakulidziwa musagule. Sankhani a msinkhu wapakati, a chigoba chosalala ndi cholimba. Lalikulu mopitirira nthawi zambiri limakhala ndi zachikasu ziwiri ndipo siliswa, pomwe laling'ono kwambiri limatulutsa mwanapiye wofooka. Lozungulira ngati mpira ndi lotalika modabwitsa asiyeni. Lowani nawo pamdima n'kuunika lililonse ndi tochi ya foni, muona ming'alu imene maso sangaione pawala.

Muthireyi, mbali yosongoka iyang'ane pansi. Kumbali yaikulu kuli kathumba ka mpweya kamene mwanapiye adzayambire kupuma akatsala pang'ono kuswa, ndipo kayenera kukhala pamwamba. Panjira thireyi muinyamule pamiyendo, osati pansi pa mpando kapena kumbuyo kwa njinga yakabaza, poti kugwedezeka kumasokoneza kathumbako. Mukafika asiyeni apume maola 12 mpaka 24 asanalowe m'makina. Ngati achokera pamalo ozizira, ayambe akhala m'chipinda wamba maola angapo, apo ayi achita thukuta akakumana ndi kutentha kwa makina, kumene kumakhala cha pa madigiri 37.5.

Pofika tsiku la 7 mpaka 10 ali m'makina aunikeninso. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, loyera mbee lichotseni. Ndipo ngati mukufuna kuikamo a nkhanga kapena a abakha, dziwani kuti masiku ake ndi osiyana: nkhuku imaswa pa masiku 21, nkhanga pa 26 mpaka 28, pomwe abakha athu akuda ndi oyera a nkhope yofiira amafika masiku 35. Aikeni padera, kapena muwatsogoze kuti onse adzaswere pamodzi.