Mabuleki akukwecha, tayala likutentha: kodi ndingowonjezera mafuta?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Katete. Akuti Corolla yawo imakwecha akaponda buleki, tayala lakutsogolo kumanzere limakhala lotentha kwambiri akafika kuno ku Chipata, ndipo mafuta a mabuleki atsika. Funso lawo n'lakuti angowonjezera mafutawo n'kumayendabe?

Bambo, musathire kaye. Mafuta a mabuleki satha ngati petulo, chifukwa sapsa. Akatsika, mwina akudontha penapake, kapena mapadi (tizidutswa tokanikiza disiki, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, kuti galimoto iime) adyeka. Mapadi akamachepa, pisitoni ya mu caliper, chitsulo chogwira mapadiwo, imatuluka kwambiri kuti iwafikire, ndipo mafuta amaitsatira. Mukadzaza lero, makanika akadzaika mapadi atsopano n'kukankhira pisitoni m'kati, mafutawo adzasefukira, ndipo amadya penti.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, tsegulani boneti, yang'anani kabotolo kakumbuyo kwa injini mbali ya dalaivala. Mafuta azikhala pakati pa MIN ndi MAX. Ngati afika pansi pa MIN, suzumirani kuseri kwa matayala onse, muone ngati pali ponyowa. Pachivundikiro palembedwa mtundu wa mafuta, DOT 3 kapena DOT 4, mukamadzathira, thirani okhawo. Ndakumanapo ndi anthu othiramo oyilo wa injini kapena ATF (mafuta a giyabokosi ya otomatiki) poti "mafuta ndi mafuta". Zimenezi zimatupitsa timalabala tonse ta mabuleki.

Kukwechako kukundidetsa nkhawa kuposa mafutawo. Mapadi akamatha amayamba ndi kulira kwa tswii! Akafika pokwecha, chitsulo chayamba kudya disiki. Koma n'chifukwa chiyani tayala limodzi lokha? Ine ndikukayikira caliper. Imatsetsereka pa timapini tiwiri tokutidwa ndi labala. Labalayo akang'ambika, fumbi la m'misewu yathu ya kumidzi ndi matope a dzinja zimalowa, timapini tichita dzimbiri, buleki n'kukana kumasuka. Mumayenda ngati mwapondabe pang'ono, petulo naye n'kumatha msanga. Kwezani galimoto ndi jeki, zungulizani tayalalo ndi manja, kenako linzake. Lomwe likulimba ndiye lodwala.

Kutentha kumeneko musakupeputse. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akamakalamba, n'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka 2, ndipo akale amawira msanga. Akawira, mumaponda buleki n'kungofika pansi, galimoto osaima. Tangoganizani zikukuchitikirani pa zitunda za Great East Road mukutsikira ku mlatho wa Luangwa, banja lili m'kati.

Pitani kwa makanika wa ku Katete komweko, musabwere nayo kuno ili choncho. Auzeni atsuke timapini, apake girisi wa mabuleki, ayang'ane pisitoni ndi disiki, ndipo mapadi asinthe matayala onse awiri akutsogolo, osati lokwecha lokhalo. Akamaliza, pondani buleki kangapo galimoto ili chiimire mpaka ilimbe, kenako muonenso kabotolo kaja.