Bwana asanatumize dipoziti ya Spitfire ija

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chelstone, dzina ndisunga. Amagwira ntchito ya mapepala kwa bwana wina wa famu cha ku Chisamba uko, ndipo bwanayo wapenga nazo ndege zakale za nkhondo. Manje kampani ina ya kunja yamulembera ati ili ndi Spitfire yomwe ikukonzedwa, akaponya dipoziti akhala ndi gawo lake mu ndegeyo ndipo pakatha zaka ziwiri izauluka. Zithunzi atumiza mbwee, zonse zonyezimira. Funso lawo ndi ili: "Akulu, inu munagwirapo m'mahangala a ndege, tingadziwe bwanji kuti anthu awa ndi enieni komanso kuti ntchito yawo ndi yabwino? Bwana wati ndifufuze ine, zikavuta mlandu ugwera ine."

Pepani achimwene, akusenzetsani mtolo. Koma tiyeni nazo.

Zithunzi zija ziikeni kaye pambali. Penti ndi chinthu chotchipa kwambiri pa ndege yonse, ndipo inu a mu Lusaka mukudziwa kale zomwe ma panel beater amachita, motoka yogubuduzika pa Great East Road imatuluka mu garaji ikuwala ngati yachokera ku Japan dzulo, kaili filler ndi penti zimabisa zonse. Chomwe muyambe kufunsa ndi nambala ya ndegeyo. Spitfire inauluka koyamba mu 1936 ndipo anapanga zopitirira 20,000, iliyonse ndi nambala yake, ndipo mbiri ya manambalawa inalembedwa, ikudziwika kuti iyi inapita ku squadron (gulu la ndege za asilikali) yakuti, iyi inagwa tsiku lakuti. Zomwe zikuuluka lero ndi makumi angapo chabe, ndiye anthu okonda zimenezi amazidziwa imodzi imodzi ngati ng'ombe za mkhola mwawo. Kampani ikamazemba kukuuzani nambala, ati ndi chinsinsi cha bizinesi, nkhani ithere pomwepo.

Apa pali chinthu chomwe bwana wanu ayenera kumva bwino asanakhumudwe mtsogolo. Ndege zambiri zomwe timati "zokonzedwa" ndi zatsopano pafupifupi zonse. Tengani Spitfire P9374. Inatera mokakamizika pamchenga wa kunyanja ku Calais, France, mu May 1940, mchenga unaimeza, inadzaonekeranso mu 1980, inaulukanso mu 2011, ndipo mu 2015 inagulitsidwa pa okishoni ya Christie's ku London pamtengo wopitirira mapaundi 3 miliyoni. Ndiye ganizirani nokha, aluminiyamu yomwe yagona zaka 40 mu mchenga wa madzi amchere, ndi zingati mwa zitsulozo zomwe munthu wanzeru angazibwezere mumlengalenga? Zochepa kwambiri. Chomwe chimapulumuka ndi dzina la ndegeyo, kachitsulo kolembedwa nambala komwe amati data plate, ndi tizidutswa tina, zotsalazo amapanga zatsopano potsata zojambula zakale. Zili ngati munthu wasunga white book ndi chassis number basi, motoka yonse n'kumanga ina. Ku motoka apolisi akhoza kukufunsani mafunso, koma ku ndegezi ndi zovomerezeka ndipo aliyense mu ntchitoyi amadziwa, bola zinenedwe poyera. Ine pamenepa ndi pomwe ndimayezera kampani. Afunseni kuti pa ndegeyi cha 1940 chenicheni ndi chiti, chatsopano ndi chiti. Anthu oona sachita manyazi, akuuzani kuti mapiko onse ndi atsopano anapangidwa kwakuti, thupi tinamanga tokha, zakale ndi izi ndi izi, ndipo akuonetsani mulu wa zitsulo zodyeka zomwe anachotsa, poti amazisunga ngati umboni. Wakuba ndi amene amalumbira kuti zonse ndi orijino.

Afunseninso kuti dzina la ndegelo mwini wake ndani ndipo anagula kwa ndani, mapepala ake aoneke, chifukwa ndege imodzi ikagwa zidutswa zimamwazikana, wina watola ichi wina icho, ndipo simukufuna kuti bwana alipire kenako kutulukire munthu wina wonena kuti nambala imeneyo ndi yake. Ndipo akayamba nthano zoti tapeza ndege zokwiriridwa m'mabokosi kwinakwake, kumbukirani za ku Burma. Mlimi wina wa ku England, David Cundall, anakhulupirira kwa zaka zambiri kuti kuli ma Spitfire okwiriridwa kumeneko, mu 2013 anthu anapita ndi makina n'kukumba, sanapeze ngakhale imodzi.

Za mapepala a kampani ndi zosavuta, mukhoza kuchita muli pa desiki panu ndi mabandulo a K20. Afunseni ndege zomwe anamalizapo ndi zilembo zake za kaundula. Za ku UK zimayamba ndi G ndipo CAA, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, ili ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa G-INFO, za ku America zimayamba ndi N mumaziona pa FAA, bungwe lawo la za ndege, za ku South Africa za mtundu uwu zimakhala ZU. Ku UK ndege zakale za nkhondo zimauluka ndi chilolezo chotchedwa Permit to Fly, ndipo kampani yozikonza iyenera kukhala yovomerezedwa ndi CAA, ndiye pemphani nambala ya chivomerezocho mukafunse ku CAA komweko. Mukatero funani mwini wa ndege imodzi yomwe anakonza mulankhule naye. Makampani odziwika sabisala: Aircraft Restoration Company ili pa Duxford ku England, Hawker Restorations amadziwika ndi ma Hurricane, ndege zina za nkhondo, Airframe Assemblies ku Isle of Wight amapanga mapiko ndi matupi a Spitfire, Avspecs ku New Zealand ndi amene anaulutsa Mosquito KA114 mu 2012, ndege ya nkhondo yopangidwa ndi matabwa. Sindikuti ena onse ndi akuba ayi, koma dziko la ntchitoyi ndi laling'ono, amadziwana, ndiye kampani yomwe palibe anaimvapo koma ili ndi zithunzi zokongola pa Facebook, fufuzani ngati zithunzizo si za mu hangala ya eni ake.

Manje ntchito ya manja, apa ndi pomwe mtima wanga uli. Izi sizioneka pa foni, munthu ayenera kupita. Ine zaka zapitazo ndinaperekeza mnzanga kukaona kandege kakale ka asilikali kophunzitsira, kumwera uko, malo sinditchula. Kunja kanali bwino zedi, mwini wake akungopukuta phiko ndi kansalu uku akutiuza mbiri. Ndinapempha kuti atsegule ka panelo kamodzi pansi pa phiko, anayamba kaye ati sikuludiraiva ili ndi mnyamata wapita ku lanchi, ndinatulutsa yanga. Nditalowetsa tochi ndi kagalasi kaja konga ka dokotala wa mano, ndinaona ufa woyera mbuu m'mbali mwa ma rivet, timisomali tolumikiza zitsulo za ndege, ngati wina wawaza bulekifasi. Dzimbiri la aluminiyamu silifiira ngati la malata, limayera choncho, ndipo lina limadya chitsulo mkati kunja kukuoneka bwino. Pambali pake waya wa loko pa bawuti anaupota mobwerera, moti m'malo mokoka bawuti kuti ilimbe unali kuithandiza kumasuka. Tinamwa tiyi wawo n'kubwerera.

Pa Spitfire malo oyamba kufunsa ndi spar, msana wa phiko. Inapangidwa ndi mapaipi a makona anayi olowetsana lina mkati mwa linzake, ndiye dzimbiri likalowa pakati simungalione ndi maso, n'chifukwa chake okonza enieni amaika yatsopano kapena amakuonetsani lipoti la X-ray ndi mayeso ena ofufuza ming'alu. Ma rivet ambiri a nthawi ya nkhondo anali ndi magnesium, amadyeka, kaili ndegezi sanazipange kuti zikhale zaka 80, ndiye amayenera kuchotsedwa. Yang'anani mzere wa ma rivet ngati uli wowongoka, mitu yofanana, popanda mabala a nyundo pambali. Yang'anani ngati ali ndi jig, chimango chachitsulo chomwe amamangirapo phiko kuti lisapindike. Munthu womanga phiko pa matebulo awiri ndi ma thayala, thawani. Ndipo chitsulo chilichonse, ngakhale bawuti, chikhale ndi pepala lonena komwe chinachokera, ntchito iliyonse ikhale ndi siginecha ya amene anagwira ndi ya amene anayendera. Hangala yabwino mafayilo amachuluka mpaka kutopetsa.

Mwina muziti akuluwa akukokomeza za tima nati. Pa 16 September 2011 ku Reno, America, ndege yakale ya nkhondo ya P-51 Mustang yotchedwa The Galloping Ghost inagwera pa anthu oonerera mpikisano wa ndege, anafa anthu 11 pamodzi ndi woyendetsa. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, anapeza kuti ma nati a loko a pa kachipsepse ka kumchira anali otha, masikuluwu anamasuka, komanso ndegeyo inasinthidwa zinthu zikuluzikulu zomwe sizinalembedwe kapena kuyesedwa bwino. Tinthu tolowa m'thumba la shati.

Injini ndi nkhani ina payokha. Merlin ya Rolls-Royce, injini ya ma Spitfire ambiri, ndi V12 ya malita 27, ndipo nthawi zambiri imapita kwa akatswiri ena omwe ntchito yawo ndi injini basi. Funsani kuti ikukonzedwa ndi ndani, logbook yake ili kuti, propela nayo chimodzimodzi. Akati zonse timapanga tokha pompano, afunseni kawiri.

Zoti zaka ziwiri izauluka, hmm. Ndege ina ya nkhondo, P-38 yotchedwa Glacier Girl, anaitulutsa pansi pa ayezi ku Greenland mu 1992 ndipo inauluka mu 2002. Ntchitoyi ukatsegula pamodzi umapeza mavuto atatu, ndiye amene akulonjeza tsiku ndi mtengo wosasintha asanamasule n'komwe, kapena sadziwa ntchito kapena akudziwa bwino zomwe akuchita. Ndalama zizipita pang'onopang'ono, gawo likatha, injiniya wa layisensi amene bwana wamulemba yekha, osati wosankhidwa ndi kampaniyo, akaone n'kusaina, ndiye kulipira. Loya alembe kuti kampani ikagwa, zitsulo ndi data plate ndi za ndani, poti "gawo" la ndege yomwe kulibe ndi mphepo chabe. Ngati bwana akulota zoibweretsa kuno kuti iziuluka pa Chisamba ndi zilembo za 9J, ayambe wapita ku Civil Aviation Authority yathu akamve ngati zingatheke, asanagule.

Ndiye achimwene, mawa alembereni imelo yaifupi. Pemphani nambala ya ndege, nambala ya chivomerezo chawo, zilembo za ndege ziwiri zomwe anamaliza, ndi tsiku lomwe injiniya wanu angabwere ndi tochi yake. Imeloyo muikenso kwa bwana kuti aziona yekha mayankho, ndipo akayankha munditumizire ndione nawo.